Nkhope Zitatu za Chokoleti

Lolemba

Kuzizira. Nkhungu yaphimba Phiri la Dedza mpaka m'munsi. Madzi a mumtsuko akuluma zala.

Atengatenga afika pamishoni ndi katundu wa ansembe wochokera ku Ulaya. Makandulo, vinyo wa Misa, nsapato za Bambo Aakulu, ndi chitini chimodzi cha ufa wakuda. Bambo Aang'ono, wansembe amene wabwera kuno mvula yathayi, achinunkhiza chitinicho n'kutsinzina ngati aona mayi awo. Akuti ndi koko, wopangira chokoleti. Ndalawa ndi chala. Kuwawa! Anthu awa amawolotsa nyanja ndi chinthu chowawa pamene kuno makungwa a muwawani akungokhala m'tchire.

Chitinicho anachikulunga m'nyuzipepala ya kwawo. Mawu ake sindikuwamva, koma muli zithunzi zojambula pamanja, timabokosi timabokosi. Anthu ake ndi awa:

mwamuna wa mphuno yaitali ngati mpini, kachipewa kang'ono, nthenga pamwamba
mayi wonenepa wa ambulera
mbuzi yovala nsapato

M'bokosi loyamba mbuzi ikudya chipewa. M'lina mayi akumenya mwamuna ndi ambulera. M'lomaliza mwamunayo wagwera m'chitsime, miyendo m'mwamba, ndipo palibe wothamanga kukaitana anthu. Bambo Aang'ono aseka mpaka misozi. Ine ndikudikirabe choseketsacho. Kwathu kuno amenewa ndi maliro, pamwamba pake mlandu.

Bambo Aang'onowo akuti: "Undipangire atatuwa ndi chokoleti. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi, obatizidwa adye, aseke."

Mwa obatizidwawo mmodzi ndine. Zaka zinayi za katekisimu, ine ndi mkazi wanga Naphiri. Tinayamba limodzi, ndipo tinapangana kuti madzi adzatigwere tsiku limodzi, ukwati wathu n'kudalitsidwa pomwepo. Iye wasankha dzina loti Sesiliya, ine Matiyasi. Kwatsala mayeso omaliza Lachisanu, kwa Bambo Aakulu, amene sindinawaonepo mano.

Zofunika:

koko (chitini n'chimodzi chomwechi, china kulibe)
shuga (kiyi ali m'thumba la Bambo Aakulu)
batala
mkaka, ng'ombe ikalola
mphuno yosagwa

Sindikuopa. Wophika amene anaphikapo nkhono, azungu n'kudya n'kuthokoza, sangathawe mbuzi ya nsapato.

Lachiwiri

Bambo Aang'ono akudziwa kukoma kwa chokoleti. Kapangidwe kake ayi. Akungoti mayi awo ankatakasa. Ankatakasa chiyani, kwa nthawi yotani, pamoto wotani, iwo anali kunja kusewera.

Ndayesa ndekha. Batala m'sefuliya, shuga, mkaka pang'ono, koko pomaliza. Mthiko watsopano, poopa fungo la ndiwo. Moto wa makala okhaokha.

Fungo! Mishoni yonse yapeza chochita kufupi ndi khitchini. Mmisiri wa matabwa akufuna moto wa fodya katatu konse. Oumba njerwa akufuna madzi akumwa, chonsecho chitsime chili kwawo komweko. Ngakhale nkhuku zaima pakhomo mwaulemu.

Zitazizira pang'ono ndayamba kuumba ndi manja, monga tinkaumbira ng'ombe zadothi kubusa. Zotsatira zake:

mwamuna: mphuno yaima, yawerama, yagona pachibwano
mayi: chulu
mbuzi: chimene ng'ombe imasiya panjira

Dothi limamvera dzanja. Ichi chimasungunuka chikangomva kutentha kwa munthu. Zonse ndabwezera m'sefuliya. Palibe chatayika kupatula chomata zala, ndipo chimenecho ndathana nacho ndekha. Shuga atalowamo, maganizo anga pa za koko asinthako pang'ono.

Bambo Aang'ono akuti pafunika chikombole, monga cha njerwa, koma chosemedwa nkhope m'kati. Ndafunsa mmisiri wathu wa matabwa. Iye amadziwa zowongoka zokha: zitseko, mabenchi, mabokosi a maliro. Wayang'ana mphuno ija n'kundibwezera pepala.

Kunyumba Naphiri akusoka nsalu yoyera ya Lamulungu, kwinaku akundifunsa katekisimu. Sindinaphonye ngakhale funso limodzi. Akuti: "Mayankho muli nawo, koma zala zanu zikununkha zachilendo."

Lachitatu

Wosema nkhope m'dziko lino ndikumudziwa mmodzi. Amalume, kutsidya kwa dambo.

Masana amasema mipini, zipande ndi mitondo. Zina zomwe amasema sindilemba. Ndinalowa gule wamkulu ndili mnyamata, belu la tchalitchi lisanamveke kuno. Gule ndinamusiya, koma lumbiro la kudambwe, kumene zilombo zimachokera, silinandisiye: zakumeneko sizinenedwa kwa akazi, kwa ana, kapena kwa mwamuna amene sanalowe. Ansembe onse sanalowe. Komanso Bambo Aakulu analalika kale kuti wophunzira katekisimu wopezeka ndi za gule aiwale za ubatizo.

Ine sindikupita ku gule. Ndikupita kukafuna chikombole. Ndadzera njira ya kumtsinje, osati pobisala, koma ili ndi mthunzi. Kuzizira kwake kunalidi koopsa.

Amalume alitembenuza pepalalo, alitembenuzanso, alitalikitsa, aliyandikitsa. Kenako:

"Kani nawonso ali nazo zilombo zawo? Nanga amatiletseranji?"

Ndafotokoza kuti izi n'zongoseketsa anthu.

"Nanga zathuzi anthu saseka?"

M'katekisimu funso limeneli mulibe.

Afunsa ngati wamphunoyu amavina pamaliro kapena pachinamwali. Ndati savina, amangogwera m'chitsime. Agwedeza mutu ngati munthu amene wamva zakuya. Mbuzi ya nsapato yawasangalatsa kwambiri.

Ndanena momveka: timankhope ting'onoting'ono, saizi ya dzira, tofanana ndendende ndi tapapepala. Osawonjezera kalikonse.

"Ndamva, mphwanga."

Malipiro akana. Angopempha kuti pepalalo ligone kwawo, aziyang'anapo posema. Ndalisiya.

Ndabwerera mochedwa, supu ya ansembe yapserera. Bambo Aakulu amwa yonse. Atha kumwa chilichonse malinga chikhale chosakoma.

Lachinayi

Zikombole zafika m'mamawa, m'dengu, pansi pa maungu. Amalume asiya kumpanda wa kuseri n'kupita osapereka moni.

Chilichonse n'chachikulu ngati mbale ya nsembe. Dzira limeneli ndi la mbalame iti? Koma ntchito yake, ayi ndithu, yosalala ngati yonyambita. Munthu uja ali ndi dzanja.

Nthawi yosemetsa zina palibe. Ndapaka batala m'kati, ndatenthetsa chokoleti, ndathira mopyapyala kuti chikwanire zonse zitatu. Chakwanira ndendende, chitini mbee.

Dzuwa litapendeka ndagadabuza pathabwa. Zatuluka zathunthu! Mphuno chilili!

Ndiye ndaziyang'anitsitsa. Zimene amalume "sanawonjezere":

mano akuthwa, ena otalikirana
makwinya atatu atatu pamphumi
maso oboola, timing'alu topyapyala
nyanga za mbuzi, zomwe papepala panalibe
kukamwa kwa mayi uja, kotseguka ngati akufuna kulira mokuwa

Dzanja la amalume limadziwa njira imodzi, ngati bulu wa pamishoni. Aliyense wobadwira kuno angadziwe kuti nkhope izi zikufanana ndi chiyani.

Bambo Aang'ono alowa, aomba m'manja, alumpha. "Ndi iwowo! Ndi iwowo!" Athamangira kukhola, abwera ndi nthenga za tambala, azibaya pachipewa. Mbuzi ayiikira ndevu za khonje. Akuti tsopano zakhala bwino koposa.

Kuti ndinene cholakwika, ndiyenera kunena chimene zikufanana nacho, ndi kumene ndinachiona chili chosavala, ndi amene wasema. Ndati: "Zakongoladi, Bambo."

Vuto lina: m'khitchini mukutentha, mphuno yayamba kuganiza zowerama. Bambo akuti zikufuna kuzizira kwambiri kuti zilimbe. Iwo mawa alawirira panjinga kukaona wodwala cha ku Chimbiya, abwera Loweruka. Akuti andisiyira zonse chifukwa ndine munthu wanzeru.

Mawa mayeso. Ndabwereza malamulo onse ndikutsuka mbale.

Lachisanu

Ndilemba mwadongosolo, chifukwa chilichonse chomwe ndachita lero chinali chanzeru pachokha.

Malo ozizira kuposa onse pamishoni pano ndi pathanthwe, pamwamba pa njira ya kukasupe. Ndapita nazo kumeneko kusanache bwino.

Pansi pali agalu. Ndazikweza pamitengo itatu, msinkhu wa munthu, chingwe kudzera m'maso muja.
Nyerere zimakwera mitengo. Ndapaka mitengoyo phulusa.
Mame amadontha, akhwangwala amaona patali. Ndakulunga ziguduli za masaka m'mbali ndi m'munsi.
Mphepo ikuchokera kunjira. Ndaziyang'anitsa kunjira.

Ndabwerera kukayatsa moto wa khofi, mtima uli m'malo.

Madzi asanawire, mfuu!

Amayi a m'mudzi amabwera kukasupe mumzere, mitsuko pamutu. Nkhungu yang'ambika pang'ono, atatu aja ali chilili pathanthwe, nthenga zikugwedera, ziguduli zikuuluka. Popanda ng'oma, popanda wochenjeza. Tsoka silinunkha, ngakhale ili limanunkha shuga.

Mitsuko yosweka: yambiri. Wa apongozi anga uli m'gulu lomwelo, uja amati anawasiyira mayi awo. Mayi wina wathamangira kutchalitchi n'kukoka belu. "Zilombo zalowa pamishoni!" Oumba njerwa abwera ndi makasu, aona, abwerera mwakachetechete, aliyense akuyang'ana kwake.

Amene sanathawe ndi Naphiri yekha. Akuti anamva fungo la zala zanga. Wazitsitsa, waziika m'lichero, wavundikira ndi nsalu yake, wabwera nazo kukhitchini. Watula lichero n'kutuluka. Bola akanandikalipira.

Apongozi, poti mwambo suwalola kuyang'anana ndi mkamwini, aima pabwalo n'kuuza nkhokwe zonse zomwe amaganiza za ine. Nkhokwe yamva zambiri lero, kuyambira tsiku lomwe ndinabwera kudzafunsira.

Masana mayeso. Naphiri walowa, watuluka akumwetulira. Wakhoza. Ine ndalowa, Bambo Aakulu afunsa mafunso awo onse, ndayankha ngati madzi. Atseka buku. Avundukula nsalu patebulo. Atatu aja, omwe anawaitanitsa kuchokera kukhitchini, akundiyang'ana. Ayi, alimba bwino, pamenepo pokha sindinalakwitse.

"Wasema ndani?"

Ndati ndi anthu a m'nyuzipepala ya ku Ulaya, Bambo Aang'ono ndi amene anafuna.

"Nyuzipepalayo ili kuti?"

Ili kwa amalume. Sindinanene.

Ndikatchula amalume, mawa dzina lawo lili kuboma, asilikali kudambwe, ndipo ine ndaulula chosaululidwa. Ndikati ndasema ndine, ndanama ubatizo uli pakhomo, bodza lakenso londimangitsa ndekha. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndayang'ana nsapato zawo zatsopano.

"Ukakumbukira dzina, ubwere. Ndikudikira mpaka mawa dzuwa kulowa."

Madzulo ano ndaphika mbatata. Zapsa bwino.

Loweruka

Alendo m'mamawa, kukhomo la kuseri kwa khitchini: akuluakulu atatu a kudambwe. Wachitatu ndi amalume, akuyang'ana denga ngati sanandionepo chibadwire.

Mlandu wanga kumeneko: ndaonetsa akazi zosaonetsa, masana, pamitengo, popanda ng'oma. Chigamulo: nkhopezo zipite kudambwe, kwawo kwa zinthu zotere. Ndati n'zodya. Wamkulu wawo walavula.

Ndawakokera amalume pambali, ndapempha pepala lija. Anong'ona kuti lafika kale kosabwerera. Anzawo amukonda wamphuno uja, nyimbo yake ayamba kale kupeka.

Ndiye kuti Ulaya wapereka chilombo chatsopano ku gule, kudzera mwa ine, sabata ya ubatizo wanga.

Bambo Aang'ono afika dzuwa lili pamutu, fumbi mpaka m'makutu. Amva nkhani, afiira, athamangira kwa Bambo Aakulu. Ndikumva pazenera chilankhulo chawo chikuthamanga. Poti pepala palibe, atenga choko kuti ajambule anthu aja pasileti. Munthu wabwino, koma kujambula sadziwa. Chomwe chatuluka chikuopsa kuposa cha amalume.

Bambo Aakulu andiitana. Akuti za chokoleti akhulupirira, mwana wawoyu ndi wopusa mokwanira kuchita zimenezo. Chomwe akufuna ndi dzina basi. Dzuwa likadalipo.

Naphiri wabwera kukhitchini, nsalu yoyera ili m'manja, singano ikadali pomwepo.

"Tangonenani dzinalo, inu. Amalume anuwo sakubatizidwa mawa. Tinapangana chiyani?"

Tinapanganadi. Koma amalume ndi amene anandibereka kumsana chaka cha njala, mayi atamwalira, mpaka tinafika kuno kumapiri. Zimenezi Naphiri akuzidziwa. Wadikira, ine ndikusenda anyezi. Wapita. Anyezi wa chaka chino ndi wowawa kwambiri.

Nkhani ya nkhope ikadalipo. Bambo Aakulu akufuna zitenthedwe. A kudambwe akufuna zinyamulidwe. Bambo Aang'ono atsala pang'ono kulira, akuti koko wina sabwera mpaka chaka chamawa.

Ndagamula ndekha, poti khitchini ndi yanga. Ansembe kukhomo la kumaso, akuluakulu kukhomo la kuseri, onse akunamizira kuti sakuonana. Ndazula nthenga, ndachotsa ndevu, ndaphwanyira nkhope zonse m'sefuliya. Zikombole ndasonkhezera moto womwewo. Mayi wasungunuka msanga, mbuzi pambuyo pake. Mphuno yayandama kanthawi, kenako yamira.

Khomo la kumaso lakhutira. Khomo la kuseri lakhutira. Amalume, pochoka, aviika chala m'sefuliya, alawa, ayang'ana kumwamba, aviikanso.

Dzuwa ndaliona likulowa ndili pa chitsa chowazira nkhuni. Limalowa msanga nyengo ino.

Uthenga wabwera ndi Bambo Aang'ono, maso ali pansi: ndidikire chaka china. Ntchito yophika ndipitirize.

Lamulungu

Kunja kwayera, nkhungu kulibe. Tsiku labwino kwa amene lawakomera.

Ndalawirira kuwonjezera mkaka m'sefuliya kuti phala lakudalo likwanire anthu onse. Kenako kutchalitchi. Ulaliki utatha, osabatizidwa timatuluka, ndiwo mwambo. Zaka zonsezi ndimatuluka ndi Naphiri, iye khomo la akazi, ine la amuna, n'kukakumana pansi pa mkuyu. Lero ndatuluka ndi ana ndi nkhalamba ziwiri zogontha.

Ndaima pazenera. Mutu wake ndimautha kuuzindikira ngakhale pakati pa mitu yambiri. Wawerama. Madzi atsika m'khosi mpaka pansalu yoyera ija, wanjenjemera, chifukwa madzi a kuno saona nkhope. Ndamva Bambo Aakulu akutchula Sesiliya. Sanacheuke. Ndinkafuna acheuke, ndinkaopanso kuti acheuka. Zandipweteka, ndipo palibe womuimba mlandu wokwanira.

Phwando. Phala la chokoleti m'makapu, m'zikho, m'zipande, aliyense pang'ono.

Amayi omwe anathawa Lachisanu: anyambita mpaka m'mphepete.
Apongozi: auza mtengo wa pichesi kuti mkamwini wawo kuphika yekha amatha.
Bambo Aang'ono: akuti sizili ngati za mayi awo, koma amwa kawiri.
Bambo Aakulu: alawa, akuti shuga wachuluka.
Woseka: palibe.

Anthu atabalalika ndatsala ndi sefuliya. Chokoleti chopserera chimamata kuposa chilichonse chomwe ndinakwechapo. Mchenga, phulusa, chitsononkho.

Mkazi wanga waima pakhomo, nsalu yoyera, kandulo yozima m'manja. Ndati, "Naphiri." Chete. Ndati, "Sesiliya." Wayankha, "Wawa."

Walowa, wayang'ana pouma, wagwada pafupi ndi nkhuni. Akuti Bambo awauza kuti pemphero la munthu wongobatizidwa kumene limafika msanga, ndiye safuna lizizire. Wapempherera ansembe, mayi ake, mvula ya chaka chamawa. Ine ndikukwecha pang'onopang'ono kuti ndisasokoneze.

"Mukumbukirenso akunja onse amene sanakudziweni," watero, "makamaka awa akukwecha sefuliyawa."

Ndayankha Amen. Zimenezo amatilola.

Mawa nyemba.